Mwana wanga akuopa kuti adwala n'kumwalira, ndimuthandize bwanji?

Mayi a Tadala (Rosettenville):
Moni nonse abale ndi alongo a pagulu pano. Ndakhala ndikuzengereza kubweretsa nkhaniyi, koma ndaona kuti pandekha yandikulira, choncho ndikupempha amene ana anu akukulira kuno ku Joni kuti mundigawireko nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 10, ndipo kwa miyezi 8 tsopano wakhala ndi mantha oti adwala n'kumwalira, ngakhale kuti m'thupi mwake simukupezeka vuto lililonse.

Zinayamba mu Okutobala 2024, pamene ana 6 a ku Naledi ku Soweto anamwalira ndi poizoni. Mnzake wa kusukulu anamuonetsa pafoni kanema wa maliro awo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya chilichonse chogula panjira. Poyamba ndinakondwa, ndikuganiza kuti wayamba kusamala, koma kenako anayamba kununkhiza ndiwo zimene ndaphika ndekha ndi kuwerenga madeti papepala la buledi. Mwezi uno, kuzizira kutayamba, anadzuka usiku atatuluka kamfuno, ndipo ataona magazi papilo anakuwa mpaka oyandikana nawo nyumba anabwera kudzagogoda. Chichitikireni zimenezo amadzipapasa m'khosi kufuna zotupa, amaika dzanja pachifuwa kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo choyezera kutentha kwa thupi amagona nacho pansi pa pilo. Usiku uliwonse funso ndi limodzi: "Amayi, mukutsimikiza kuti ndilibe khansa?"

Ndapita naye kukiliniki kawiri. Anamuyeza magazi ndi sikelo, ndipo anati ali bwinobwino. Tikabwerako amakhala pamtendere masiku awiri, kenako zimayambiranso. Ine ndimachoka pakhomo 5 koloko m'mawa kupita kuntchito, ndipo pofika 10 koloko amakhala atandiimbira kale pafoni ya munthu wina kuti m'mimba mukupweteka. Dzana ndinamukalipira, ndipo ndinagona ndikudziimba mlandu. Kodi alipo amene anakumanapo nazo?

Bambo a Yamikani (Diepsloot):
Pepani kwambiri mayi, kusowa tulo chifukwa cha mwana n'kowawa. Ine maganizo anga ndi akuti vuto lalikulu ndi mafoniwa. Ife tinakulira kumudzi tikudwala malungo chaka ndi chaka, tikumwa madzi a pachitsime, koma sindikumbukira mwana amene ankagona akudzipapasa m'khosi. Ana a masiku ano akuona zinthu zimene mitima yawo sinakhwime kuzinyamula. Muletseni kuona za pafoni, mumuuze molimba mtima kuti adokotala anena kuti sakudwala, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Mukamamunyengerera tsiku lililonse, aziona ngati pali chimene mukumubisira.

Anaphiri (Turffontein):
Bambo a Yamikani, za mafoni mwanena zoona, koma zakuti ife tinalibe mantha ndikukana, chifukwa ine ndinali nawo, kungoti panalibe wondifunsa. Ndili ndi zaka 7 kwathu ku Dedza, mlongo wanga wamkulu anamwalira. Anatisamutsira kunyumba ya azakhali mpaka maliro atatha, ndipo nditafunsa anandiuza kuti mlongo wanga wagona. Kwa chaka chathunthu ndinkaopa tulo. Anzanga akagona pamkeka, ine ndinkadzitsina pantchafu kuti maso asatsekeke, chifukwa ndinkaganiza kuti munthu akagona kwambiri amamunyamula n'kukamusiya kumanda. Makolo anga ankandikonda ndipo ankafuna kunditeteza, koma mawu amodzi aja anandisautsa kuposa mmene choonadi chikanandisautsira.

Mayi a Tadala, funso langa ndi ili: kodi pali wina amene anakhala naye pansi mwanayu n'kumufotokozera chimene chinapha ana a ku Naledi aja? Mwana akaona maliro koma osauzidwa chifukwa chake, amadzipangira yekha chifukwa, ndipo chimene amapanga chimakhala choopsa kuposa chenicheni.

Mayi a Tadala (Rosettenville):
Mayi, sindinamufotokozerepo. Akayamba nkhaniyo ndinkangomuuza kuti aiwale, si za ana. Ndinkaganiza kuti kuikamba n'kuwonjezera mantha.

Nachisale, namwino (Randburg):
Achemwali, zikomo pobweretsa nkhaniyi. Ine ndine namwino, ndipo ana otere ndimawaona kawirikawiri. Sindingayeze mwana pafoni, koma popeza mwapita naye kale kukiliniki kawiri, ndifotokozeko mmene vutoli limayendera.

Ndiyambe ndi kamfuno. Johannesburg ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi mpweya wa kuno umakhala wouma kwambiri. M'kati mwa mphuno muli timitsempha tating'ono timene timang'ambika mosavuta khungu la m'menemo likauma, makamaka mwana akakhala ndi chimfine kapena akamatokosa m'mphuno. Muphunzitseni kudzithandiza yekha: akhale pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 osasiya, akupumira m'kamwa. Asagadamitse mutu monga tinkachitira kale, chifukwa magazi amapita kukhosi. Kudzola Vaseline pang'ono polowera m'mphuno usiku kumathandizanso. Magazi akapanda kusiya patatha mphindi 20, kapena kamfuno akamabwera pafupipafupi pamodzi ndi mikwingwirima pathupi popanda kumenyedwa, pamenepo bwererani kuchipatala.

Tsopano za mantha. Chofunika kumvetsa n'chakuti mwana wanu sakunama. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi ta m'magazi totchedwa adrenaline pokonzekera kuthawa, ndipo mtima umathamanga, manja amachita thukuta, m'mimba mumapotokola, pena mseru umabwera. Akamapuma mofulumira amamva chizungulire ndi dzanzi m'zala. Mwana amene akuopa matenda akamva zimenezi amati, "Si izi, ndadwala," mantha n'kukula, mtima n'kuthamanga kuposa poyamba. Nazonso timbulu ta m'khosi timene akupapasato, ana ambiri athanzi timamveka, makamaka akangochira chimfine, ndipo akamatifinya tsiku lililonse pamalopo pamayamba kupweteka chifukwa cha zala zake zomwe.

Gawo lovuta kwa ife makolo ndi ili. Akakufunsani n'kumutsimikizira, mtima wake umatsika kwa kanthawi, ndipo ubongo wake umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa wafunsa. Mawa mantha akabwera sadziwa njira ina koma kufunsanso, ndipo mtendere umene amaupeza umafupika tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake kukiliniki kukumupatsa masiku awiri okha. Choyezera kutentha chimene chili pansi pa pilocho chikugwira ntchito yomweyo.

Anaphiri afunsa funso lolondola. Zoyeza zinasonyeza kuti ana a ku Naledi anamwalira ndi terbufos, mankhwala oopsa ophera tizilombo m'minda, amene anthu ena amagulitsa mosaloledwa m'misewu ngati opha makoswe. Pa 15 Novembala 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analankhula ku mtundu wonse, n'kulamula kuti mashopu ang'onoang'ono a m'makomboni otchedwa spaza ndi malo ena ogulitsa zakudya alembetse ku makhonsolo. Mwana wa zaka 10 angathe kumva zimenezi m'mawu osavuta: anawo sanaphedwe ndi chakudya wamba koma ndi poizoni wodziwika dzina, akuluakulu anachitapo kanthu, ndipo m'nyumba mwanu poizoniyo mulibe. Mumuuze kamodzi, modekha, masana osati pogona, ndipo mumulole afunse mafunso ake onse tsiku limenelo.

Mayi a Tadala (Rosettenville):
Anamwino, ndamva ndipo zikumveka. Koma mtima wanga ukukana pamfundo imodzi. Mwana akulira usiku, akundifunsa ngati adzuke wamoyo, kodi ine ndingokhala chete? Kodi kumeneko si kuuma mtima?

Nachisale, namwino (Randburg):
Ayi achemwali, musakhale chete ndipo musamuchokere. Chimene mukusiya ndi kuyankha funso la matenda kachikhumi, osati kumukumbatira. Mukhoza kumuuza kuti, "Ndikuona kuti mantha aja abweranso, ndipo ndikudziwa kuti akukusautsa. Funso limeneli tinayankha kale. Bwera ukhale nane mpaka adutse." Kenako pumani naye limodzi, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa motalika ngati akuuzira phala lotentha. Mantha amakwera, amafika pachimake, kenako amatsika okha, ndipo mwana ayenera kuziona zimenezi m'thupi mwake kangapo kuti azikhulupirire. Musayambe mwadzidzidzi. Mugwirizane naye masana kuti kuyambira lero muzichita motere komanso chifukwa chake, kuti usiku asaone ngati mwamutembenukira. Ndikuchenjezeninso kuti masiku oyambirira mafunso akhoza kuchuluka asanayambe kuchepa, ndipo makolo ambiri amabwerera m'mbuyo pamenepo poganiza kuti njirayo yalephera.

Aphunzitsi (Cosmo City):
Ndiwonjezereko kuchokera kumbali ya sukulu, chifukwa ndaphunzitsa ana a msinkhu umenewu kumudzi ndi kuno komwe. Choyamba, yesetsani kuti asajombe. Mwana wa mantha akatsala pakhomo tsiku limodzi chifukwa cha m'mimba, m'mimbamo mumasiya pofika 9 koloko, ndipo mawa lake kupita kusukulu kumavuta kuposa dzulo. Kakumaneni ndi aphunzitsi ake, muwauze kuti achipatala anamuona, ndipo mugwirizane kuti akadandaula azimupatsa madzi, apume mphindi zochepa, kenako abwerere m'kalasi, m'malo mokuimbirani nthawi yomweyo. Inu muzimuimbira nokha pa nthawi imodzi yodziwika, mwachitsanzo akangoweruka, kuti adziwe kuti mawu anu awamva ngakhale asanadwale.

Chachiwiri, mugulireni kope laling'ono. Mantha akamubwerera masana, azilemba kapena kujambula m'kopemo, ndipo madzulo mukatha kudya muzikhala naye mphindi 15 kuwerenga zimene walemba. Mwana wina amene ndinkamuphunzitsa analemba Lolemba kuti mwendo wake uli ndi matenda oopsa, ndipo pofika Lachisanu, atawerenganso, sanakumbukire kuti unali mwendo uti. Anaseka yekha, ndipo kuseka kumeneko kunamuthandiza kuposa mawu anga onse. Kopelo limamuonetsa ndi dzanja lake lomwe kuti zimene ankaopa sabata yatha sizinachitike.

Za chakudya musamukakamize, komanso musamuphikire chapadera. Yambani ndi chimene amachiopa pang'ono, monga kudya buledi osawerenga deti, achite zimenezo masiku angapo mpaka zizolowereke, kenako mupite pa china chovutirapo. Mumuyamikire chifukwa cholimba mtima, osati chifukwa chakuti sanadwale.

Abiti Mussa (Mayfair):
Ine ndikufuna tidziyang'anenso tokha akuluakulu, chifukwa ana athu sakuphunzira mantha pamafoni a anzawo okha. Ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, bedi apa, mbaula apa, ana pamatiresi pansi. Uthenga wa mawu ukabwera pa WhatsApp timautsegula mokweza, ndipo theka la mauthengawo ndi la matenda ndi maliro. Uje wagonekedwa, uje watisiya, tisonkhe ndalama thupi lipite kumudzi. Timakambirana za mtengo wa bokosi ndi za mapepala, za galimoto imene idutse pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ana ali pomwepo akulemba ntchito ya kusukulu, ife n'kumaganiza kuti sakumva.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 8. Tsiku lina ndikumusambitsa anandifunsa kuti, "Amayi, ine ndikafa ndalama zonditumizira kumudzi zikwana?" Sopo anandigwa m'manja. Mwana amene sanadwalepo matenda aakulu anali atawerengera kale za ulendo wa bokosi lake. M'nthawi ya kolera ija, imene inayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 kwathu, ndinkaimbira foni amayi anga tsiku lililonse ndikulira, iye ali pamiyendo panga, ndipo mu Meyi 2023 itabukanso ku Hammanskraal kuno ndinamuletsa ngakhale kutsuka m'kamwa ndi madzi a pampopi, chonsecho kwathu kuno madzi analibe vuto. Sindikunena kuti tisiye kusonkha kapena kulira abale athu, chifukwa umenewo ndiwo umunthu wathu. Koma tsopano mauthenga otere ndimamvera kukhutu kapena panja, ndipo maliro akachitika ndimamuuza ndekha mwachidule amene wamwalira, chimene chamutenga, ndiponso kuti ife tili bwino.

Bambo a Chisomo (Alexandra):
Abiti Mussa mwandikhudza. Ine ndinalakwitsa mbali ina, yobisa. Zaka ziwiri zapitazo anandipeza ndi chifuwa chachikulu. Ndinauza ana kuti ndi chimfine, ndipo mankhwala ndinkabisa m'thumba la jekete pamwamba pa wadiropu. Mwana wanga wa zaka 11 anawapeza, koma sananene kanthu. Anangoyamba kudzuka usiku kudzaima pafupi ndi bedi langa kumvetsera ngati ndikupuma, ndipo iye mwini akangotsokomola kamodzi ankathamangira kukalavula papepala kuti aone ngati pali magazi. Pamene anamwino anati ana onse a m'nyumba abwere akayezedwe, bodza langa linathera pomwepo.

Ndinamukhazika pansi n'kumuuza dzina la matendawo, kuti amachizika, ndiponso kuti mankhwala ake amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Tinapachika kalendala pakhoma, ndipo ntchito yake inali kuchonga tsiku lililonse ndikamwa. Chodabwitsa n'chakuti anayamba kugona bwino sabata yomweyo, ine ndikadali wowonda ndi wotsokomola. Chimene chinkamudya sichinali matenda anga okha, koma kudziwa kuti bambo ake akumunamiza, ndiye kuti mwina zinthu zafika poipa kwambiri.

Ndipemphenso kuti tisiye kuopseza ana ndi chipatala. Mawu akuti "ukapanda kumvera ndikakubayitsa jakisoni" tonse tinawamva ndipo ambiri tawanenapo. Tikatero tikuphunzitsa mwana kuti namwino ndi wolanga, kenako timadabwa akamanjenjemera pakhomo la kiliniki.

Mayi wa Mvano (Yeoville):
Mayi a Tadala, tikukukumbukirani m'mapemphero. Monga munthu wa mpingo ndinene mosabisa kuti pemphero ndi chipatala sizilimbana. Koma samalani ndi anthu amene angakuuzeni pamaso pa mwana kuti walodzedwa kapena kuti mzimu wa imfa ukumulondola. Ndinaonapo mtsikana wamng'ono atazunguliridwa ndi akuluakulu akufuula pamutu pake usiku wonse, ndipo anachoka pamenepo ali ndi mantha awiri m'malo mwa amodzi. Pempherani naye pemphero lalifupi lothokoza pogona, kamodzi, ndi mawu odekha. Akapempha kuti mubwereze kachitatu ndi kachinayi kuti asafe usiku, dziwani kuti ndi funso lomwe lija limene anamwino afotokoza, langosintha malaya.

Bambo a Yamikani (Diepsloot):
Ndawerenga zonse ndipo ndavomera kuti mawu anga oyamba anali ofulumira, makamaka nditamva za Anaphiri. Komabe pali chimene chikundivutabe, ndipo ndifunse anamwino. Tikazolowera kunena kuti ndi mantha chabe, kodi sitidzaphonya tsiku limene mwana wadwaladi? Mwana wa mchimwene wanga anabwera kuchokera kumudzi mu Januwale, patatha sabata ndi theka anayamba kutentha thupi, makolo ake n'kumati ndi chimfine cha kusintha kwa nyengo, akumupatsa Panado. Anafika kuchipatala atalefukiratu, ndipo anali malungo. Anachira, koma anatsala pang'ono kutisiya.

Nachisale, namwino (Randburg):
Bambo a Yamikani, funso lanu ndi lofunika kwambiri, ndipo ndikuthokoza kuti mwabwerera nalo. Mwana wa mantha amadwalanso ngati mwana wina aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti woganiza zopita kuchipatala akhale kholo, poona zizindikiro, osati mantha a mwana. Thamangani naye ngati thupi latentha kufika madigiri 38 kapena kuposa ndipo sizikusintha kwa masiku awiri kapena atatu, ngati akupuma movutika, ngati khosi lauma ndipo mutu ukupweteka kwambiri, ngati wakomoka kapena akugona mosadzutsika, ngati akusanza chilichonse kapena akutsegula m'mimba mpaka kusiya kukodza, ngati muli magazi m'chimbudzi kapena m'masanzi, ngati akuwonda, akutuluka thukuta usiku kapena watsokomola kupitirira milungu iwiri, komanso ngati chotupa chikukula, n'cholimba ndipo sichikuchoka. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi musadikire n'komwe. Mukaganiza kuti mwana wadya poizoni, makamaka akamatuluka dovu lambiri, kusanza ndi kunjenjemera, musamusanzitse kapena kumupatsa mkaka, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177, kapena mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.

Za malungo tiyenera kusamala kwambiri ife a ku Malawi. Ku Gauteng si dera la malungo, kuno ku South Africa amapezeka m'mbali zina za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, choncho wachipatala wa ku Johannesburg sangawaganizire msanga mukapanda kumuuza za ulendo. Ana obadwira kuno alibe chitetezo chimene anzawo a kumudzi amakhala nacho pang'ono, ndipo ngakhale ife akuluakulu chimachepa tikakhalitsa kuno. Zizindikiro zimayamba patatha sabata imodzi kapena milungu ingapo munthu atalumidwa ndi udzudzu. Mwana akatentha thupi mutabwera kumene kuchokera kumudzi, pitani tsiku lomwelo ndipo mawu anu oyamba akhale akuti, "Tachokera ku Malawi, muyezeni malungo."

Ndikudziwa kuti ena amaopa zipatala za boma chifukwa cha mapepala, ndipo ana amawaona mantha amenewonso. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo chofunikira cha zaumoyo, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linabweretsa, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posatengera dziko limene achokera.

Mayi a Tadala, popeza vutoli latha miyezi 8 ndipo lakhudza kudya, tulo ndi sukulu, musadalire gulu lino lokha. Mukapitanso kukiliniki musanene za m'mimba kapena za khosi, koma nenani kuti mwana ali ndi nkhawa yoopa matenda ndipo mukupempha kuti aonedwe ndi katswiri wa za maganizo. Akhoza kukulemberani kalata yopita kumene kuli madokotala a maganizo a ana, monga ku chipatala cha Charlotte Maxeke, cha Chris Hani Baragwanath kapena cha Tara. Chithandizo chimene chimagwira ntchito kwambiri pa vuto ili ndi chokambirana, chotchedwa CBT, chimene chimaphunzitsa mwana kuzindikira maganizo oopsezawo ndi kuyandikira zimene akuopa pang'onopang'ono, ndipo makolo amatengako mbali. Podikira tsiku lanu, bungwe lothandiza ana la Childline limayankha foni pa 116 mwaulere, ndipo bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika ndi nkhawa ndi matenda a maganizo, limapereka uphungu pafoni ndi kulozera anthu kumene angathandizidwe. Akadzayamba kukana chakudya mpaka kuwonda, kapena kulankhula zofuna kudzivulaza, musadikire kalata, pitani naye tsiku lomwelo.

Anaphiri (Turffontein):
Mwanangu, uwonjezerepo chinthu chimodzi chaching'ono. Tsiku limene suli kuntchito muzichita naye zinthu zimene sizikhudza thupi lake, kaya kumuluka tsitsi, kaya kumuphunzitsa kuphika futali. Miyezi 8 imeneyi nkhani ya pakati pa iwe ndi iye yakhala matenda okhaokha, ndipo ayenera kukumbukira kuti amayi ake amamuyang'ana ngakhale palibe chikupweteka.

Mayi a Tadala (Rosettenville):
Abale, patha milungu itatu ndipo ndabwera kudzakuuzani mmene zikuyendera. Loweruka loyamba ndinakhala naye pakhonde padzuwa n'kumufotokozera za ana a ku Naledi monga anamwino ananenera. Anandifunsa mafunso kwa ola lathunthu. Funso limene linandipweteka linali lakuti, "Kodi amayi awo sanawauze kuti ali bwino?" Pamenepo ndinazindikira chifukwa chake mawu anga sankamukhazika mtima pansi. Ndinamuyankha kuti sindingamulonjeze kuti sadzadwala, chifukwa munthu aliyense amadwala, koma ndikumulonjeza kuti sindidzamubisira kanthu, ndipo ndikadzaona chizindikiro choopsa ndidzamutengera ndekha kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Sabata yoyamba inali yowawa monga munandichenjezera. Usiku wachitatu analira mpaka 11 koloko, ine nditamufukata, pakamwa panga pakuyabwa kuti ndingonena kuti alibe khansa tigone. Sindinanene. Choyezera kutentha tinagwirizana kuti chizikhala m'chikwama changa. Kope lija lafika tsamba la 14, ndipo masiku ena salembamo kanthu. Lachiwiri lapitali kamfuno anabweranso m'mawa, ndipo ndinamupeza atakhala pampando, ataweramira kutsogolo, atatsina mphuno, maso ali pa wotchi ya pakhoma, misozi ikutsika koma osakuwa. Buledi akudya osawerenga deti, koma zogula panjira sanayambe, ndipo sindikumufulumizitsa. Amafunsabe funso lija, mwina kawiri pa sabata. Kukiliniki anatilembera kalata ndipo tikudikira tsiku lokaonana ndi katswiri.

Ndazindikiranso kuti ine ndemwe m'mawa uliwonse, ndisanapite kuntchito, ndinkamugwira pachipumi ali m'tulo kuona ngati watentha, ndipo wandiuza kuti ankakhala ali maso n'kumaganiza kuti ndikuona kanthu. Ndasiya, tsopano ndimangomufunditsa bulangeti.

Anamwino, ndili ndi funso lina. Mu Disembala tikufuna kupita kumudzi ku Machinga, ndipo ndi nthawi ya mvula. Kodi za malungo ndimuuze bwanji kuti ndisadzutsenso zimene zayamba kugona?

Nachisale, namwino (Randburg):
Achemwali, mwachita ntchito yovuta ndipo ndakondwa kumva za wotchi ya pakhomayo. Za ulendowo musamubisire, chifukwa akafika kumudzi azimva mawu akuti malungo tsiku lililonse. Kukatsala milungu ingapo pitani kukiliniki kapena kwa dokotala mukafunse za mankhwala oteteza, chifukwa mtundu ndi mlingo wake zimatengera msinkhu ndi kulemera kwa mwana, ndipo amayambidwa musananyamuke n'kupitirizidwa mutabwerako. Mumuuze kamodzi kuti malungo amabwera ndi udzudzu woluma usiku, amayezedwa ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo amachizika akapezeka msanga. Kenako mumupatse ntchito ziwiri zokha, kulongedza neti m'chikwama ndi kuikunga madzulo aliwonse, koma kuyang'ana zizindikiro kukhale kwa inu. Mukakumana ndi katswiri uja mumutchulirenso za ulendowu, kuti aukonzekere naye limodzi miyezi isanathe. Agogo ake kumudzi muwaimbire pasadakhale, muwapemphe kuti mwana akangoyetsemula asamufunse kuti wadwala.